Kuwala kosaoneka nakonso tikuphunzitse m'Chinyanja

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, okonda mpira mukukumbukira za pa 29 Malichi 2022 ku Dakar, pamene nkhope ya Mohamed Salah inadzaza timadontho tobiriwira asanamenye penate. Timatochi ta leza ngati timeneto ana athu akusewera nato kuno ku Furancungo, koma chenjezo lomatidwa pa katochiko lili m'Chingerezi. Ndani akuliwerenga?

Ine ndikuti nkhani imeneyi tiziifotokoza m'chinenero chathu, osadikira kuti mwana ayambe wakhwima Chipwitikizi. Ndipo imafotokozeka bwinobwino.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu wake umadalira kutalika kwa funde. Maso athu amaona mafunde a pakati pa mananomita 400 ndi 700, kapena kupitirira pang'ono. Kuseri kwa kufiira kulinso kuwala kwina kumene diso silikuona. M'mabuku mwalembedwa kuti infravermelho. William Herschel anakutulukira mu 1800 ataika choyezera kutentha pambali pa mtundu wofiira, pamalo pooneka ngati palibe kanthu, n'kupeza kuti pakutentha. Ine m'kalasi ndimangoti "kuwala kwa kuseri kwa kufiira". Anzathu a ku Tsangano, ngati muli ndi dzina loposa limeneli, tigawireni.

Tsono chodabwitsa n'chakuti timatochi tambiri tobiriwira timayamba ndi kuwala kosaonekaku. M'kati mwake mumatuluka funde la 808, limene limalowa m'kamwala koyamba n'kusanduka la 1064. Kamwala kachiwiri, kotchedwa KTP, kamalidula pakati, n'kukhala 532. Ameneyo ndiye wobiriwira uja. Mwana aliyense wodziwa kugawa 1064 pawiri wagwira kale mutu wa nkhani.

Vuto ndi lakuti si kuwala konse kumene kumasanduka. Kotsalako kumayenera kutchingidwa ndi kagalasi kosefa, koma opanga timatochi totchipa ena sakaikamo. Kuwala koonekako kukakuthobwa umaphethira kapena kutembenuka, pamene kosaonekaku kumangolowa mpaka kuwotcha m'kati mwa diso, ndipo chipsera chake sichichoka. Kukazizira, monga muja kumachitira mu Juni kumapiri kuno, wobiriwira uja amatha kufooka pomwe kosaonekako kukutulukabe. Mwana amayesa kuti batire latha, n'kusuzumira m'kamwa mwa katochi. Anyamata okonda kumasula zinthu, amene ndimawanyadira kwambiri akamakonza mawailesi, ichi chokha achisiye. Ukachotsa timiyala tija, chotsala ndi kuwala kosaoneka kokhakokha.

Pali ena amati Chinyanja chilibe mawu a sayansi. Kodi liwu lakuti laser ndi la Chipwitikizi? Nawonso anachita kubwereka ku Chingerezi, ndipo palibe anawaseka. Komanso Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene zinayamba kuyesa maphunziro a zinenero ziwiri, pa ntchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo chinenero chake chinali Chinyanja chomwechi. Papita zaka zonsezi, tizingochigwiritsabe ntchito pa nthano ndi miyambi basi?

Wofuna kuonetsa ana kuwala kosaonekaku asagule leza ayi. Tengani rimoti ya TV, muilozetse ku kamera ya foni, mwana mmodzi adine batani. Kababu kamene maso akuti n'kozima kadzaoneka pa foni kakuthwanima. Ikakana kamera yakumbuyo, yesani yakutsogolo, chifukwa mafoni ena ali ndi kagalasi kosefa kolimba kumbuyoko.