Paini, bulugamu ndi kachewere ku Bembeke

Munda wa paini ndi chuma chochedwa kupsa. Ku Bembeke, pamtunda wozizira wa ku Dedza, mtengowu umakula bwino monga umachitira m'nkhalango za boma za Chongoni ndi phiri la Dedza, koma umafuna zaka pafupifupi 25 kuti uchekedwe matabwa otambalala. M'zaka zonsezo mwini wake amapalira, kusadza nthambi, kupatulira mitengo yothithikana ndi kulambula njira zotchinga moto, komabe moto wolusa wa mu Okutobala ukhoza kunyeketsa zonse tsiku limodzi. Ndime yomweyo ikadzalidwa kachewere, matumba amafika pamsewu wa M1 patangotha miyezi itatu kapena inayi, ndalama ya fizi ndi feteleza n'kupezeka. N'chifukwa chake mitengo imakankhidwira m'malire a minda ndi pamiyala, ndipo ambiri amaigwetsa isanakhwime. Thabwa lake limatuluka laling'ono, lodzaza mfundo, lopindika likauma, ndipo pamsika limapita motchipa momvetsa chisoni. Bulugamu amapereka mapolo ndi nkhuni msanga, amaphukiranso pachitsa, koma akadzalidwa pafupi ndi kasupe amaumitsa madimba odyetsa mabanja m'chilimwe. Lamulo la nkhalango la 1997 linalola midzi kusunga nkhalango zawo kudzera m'makomiti, ndipo kumeneko phindu lenileni ndi bowa, masuku, uchi ndi madzi osaphwa m'mitsinje yotsikira kunyanja. Alimi a mpunga a kuchigwa amathirira ndi madzi amenewo, pomwe osunga mitengo kumtunda salandirapo ngakhale tambala.