KAMPANI YA TEKINOLOJE IZILEMBA ANTHU NGATI CHILIMIRA

Anzanga a kunyanja, lero tikambeko za makampani a tekinoloje amene akumera ngati bowa ku Lilongwe ndi ku Blantyre: a ma app, a sola zolipira pang'onopang'ono, a ndalama za pafoni, a ma drone. Ambiri mwa inu mwafunsirako ntchito kumeneko, ena munalembedwapo ngati ma ejenti, ndipo ndikudziwa kuti awiri atatu mukulota zoyambitsa yanuyanu. Nde ine maganizo anga ndi awa: makampani ambiri akamakula amalemba anthu mozondoka. Amadzaza ofesi ndi anyamata a kompyuta ndi otsatsa malonda, koma munthu wokakonza chinthucho chikafa kumudzi amamukumbukira kumapeto, ndalama zitatha kale.

Inu chilimira mukuchidziwa. Sichipita pamadzi ndi asiginala okhaokha. Siginala amakhala m'bwato mwake ndi nyali zake, kuwerenga madzi, mwezi ndi mphepo, ndipo gawo lake limakhala lokulirapo chifukwa usipa amausonkhanitsa ndi iyeyo. Palibe amatsutsa zimenezo. Koma pa anthu 9 kapena 10 aja pali wogwira injini, pali oponya ukonde, pali okoka zingwe, pali kamnyamata kokapa madzi. Kumtunda kuli wosoka ukonde, kuli makaniko, kuli amayi oyanika pa thandala amene amasandutsa usipa kukhala ndalama. Mwini zida wa ku Msaka kapena ku Makawa atangoti ndilemba asiginala asanu ndipo makaniko ndidzamuona injini ikadzafa, doko lonse lingamuseke. Koma m'tauni zomwezi amazitcha bizinesi.

Masabata ano ndili ku Thambani, m'boma la Mwanza, ndikukonza injini za zigayo ndi mapampu. Kuno kulibe nyanja, ndi mapiri, nkhalango ndi minda, msewu wochokera pa boma ndi wafumbi, ndipo Mozambique ili pafupi. Malo ngati ano ndiwo sikelo yeniyeni yoyezera kampani ya tekinoloje, osati Area 47. Chinthu chikagwira ntchito ku Thambani miyezi yamvula, chigwiranso ku Chembe, ku Makanjira ndi ku Usisya. (Paja mapiri omwewa kampani ya Mkango Resources inafufuzamo miyala ya uranium, niobium ndi tantalum, ndipo tantalum imalowa m'tizida ta mkati mwa foni. Mwala wa foni uli pansi, wokonza foni pamwamba ngosowa. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.)

Tengani sola za ngongole zija. Kachitidwe kake ndi kosavuta: umapereka ndalama yoyamba, amakupachikira panelo ndi kabokosi ka batire, kenako umalipira pafoni sabata kapena mwezi uliwonse. Ukasiya kulipira kabokosi kamadzitseka. Nzeru yabwino ndithu, ndipo amene analemba pulogalamu imeneyo ndimamuvulira chipewa. Koma ndalowa m'nyumba zingapo kuno n'kupeza kabokosi kali pakona, katakutidwa ndi nsalu ngati maliro. Ukafunsa, akuti kanasiya kutchaja, tinaimba foni, anati abwera, mpaka lero. Sinditchula kampani, ndipo si imodzi. Ukayang'ana umapeza waya womasuka, panelo yodzaza fumbi, kapena pobayira chingwe pachita dzimbiri. Ntchito ya mphindi 20 kwa munthu wodziwa kugwira mita.

Tsopano werengani bwino zimene kampaniyo yataya. Mayi uja wasiya kulipira, ngongole yafa. Wauza anzake ku banki m'khonde, kutchalitchi ndi pachitsime kuti zinthuzi n'zabodza, ndiye mudzi wonse watsekeka. Wotsatsa malonda adzabwera ndi tisheti yake yokongola koma adzabwerera chimanjamanja. Ndiye kuti amene amatolera ndalama za kampani kwenikweni si wa ku ofesi ya ngongole ayi, ndi wokonza uja amene sanamulembe.

Wina anena kuti, aise, iwe ndiwe makaniko, ukungokokera kwako. Chabwino, tiyeni tisiye makaniko tione ndalama za pafoni. M-Pesa inayamba ku Kenya mu 2007 pansi pa Safaricom, ndipo inkayenda pa timafoni ta mabatani. Chimene chinaikulitsa ndi ma ejenti, anthu a m'tisitolo ndi m'timaokala amene ankasandutsa uthenga wa pafoni kukhala ndalama ya m'manja. Kwathu kuno Airtel Money ndi Mpamba zinayenda njira yomweyo. Ndipo aliyense amene anakhalapo pa ambulera amadziwa kuti mutu wa nkhani ndi fuloti. Padoko usipa ukafa, ogula ochokera ku Limbe amafuna kutapa onse nthawi imodzi, kashi imatha m'mawa momwe. Kumudzi ngati kuno anthu ambiri amalandira ndalama kuchokera kwa abale a ku Joni, onse ndi otapa, oika ndi ochepa, ndipo banki ili pa boma. Pulogalamu ingakhale yabwino bwanji, ngati mu kampani mulibe munthu amene ntchito yake ndi kudziwa kuti ejenti uti kashi imuthera Lachisanu, kasitomala amangomva kuti "palibe", basi.

Chitsanzo chabwino tili nacho konkuno. Baobab Health inayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala pa Kamuzu Central Hospital cha mu 2001, nthawi imene ambiri aife tinali tisanabadwe kapena tili kumsana. Anawapanga kuti azidya magetsi ochepa ndi kuyendera mabatire chifukwa ankadziwa kuti magetsi amathima, ndipo anawapanga kuti kalaliki amene sanagwirepo kompyuta athe kulembetsa wodwala. Zimenezo sizichokera m'mutu mwa munthu wokhala pa desiki yekha. Zimachitika olemba pulogalamu, amawaya ndi anthu a m'chipatala akamakhala pamodzi. African Drone and Data Academy, imene UNICEF inatsegula ku Lilongwe mu Januwale 2020, nayonso siphunzitsa kuulutsa kokha, imaphunzitsanso kumanga drone. Womanga chinthu ndi amene amadziwa pokagwira chikagwa.

Musandimve molakwa. Siginala ndi wofunika, ndipo wolemba pulogalamu wodziwa ntchito alipidwe bwino. Akalakwitsa mzere umodzi ndalama za anthu zimasowa, ndipo palibe spana ingakonze zimenezo. Ine ndikunena za chiwerengero ndi nthawi. Kampani ikafika pa anthu asanu, wachisanuyo akhale munthu woyenda m'fumbi, ndipo azikhala nawo pa msonkhano wa Lolemba, azilankhula, azimvedwa. Akanena kuti pobayira chingwe pakuchita dzimbiri m'madera a chinyontho, opanga asinthe. Akangomulemba pa komishoni n'kumusiya ku gulu la WhatsApp komwe bwana sawerenga, ameneyo si wa m'timu, ndi ganyu.

Kalembedwe kakenso. Padoko munthu watsopano samufunsa mafunso m'Chingerezi. Amamutenga usiku umodzi wa mwera, m'mawa aliyense amadziwa ngati ndi mlovi kapena ndi katundu. Bwanji kampani osachita chimodzimodzi? Muikireni kabokosi kakufa patebulo, mpatseni mita, muone. Mtumeni akafotokozere agogo mmene angalipirire pafoni, mumve ngati ali ndi mtima wodekha. Alipo anyamata ndi atsikana a MSCE, ena odutsa ku TEVETA, ena ophunzira pansi pa mtengo, amene angapambane mayeso amenewo koma kalata yawo imatayidwa chifukwa mulibe digiri. Ndipo pa nkhani yotolera ngongole, ine ndikanakhala bwana ndikanayamba ndi amayi ogulitsa nsomba ndi asungichuma a banki m'khonde. Amenewo amadziwa amene amabweza ndi amene amathawa popanda kompyuta iliyonse.

Za chibale ndingonena pang'ono. Kunyanja timalemba abale, inde, koma msuweni akagona pa chingwe kawiri amatsala kumtunda, chifukwa madzi sadziwa chibale. Mu ofesi msuweni waulesi amatha zaka zitatu chifukwa palibe amamira pamaso pa anthu. Amamira ndi kampani, mwakachetechete.

Povuta penipeni ndi pa boti lachiwiri. Mwini zida akagula boti lina sangakwere onse awiri. Ayenera kukhulupirira munthu, kumupatsa injini, mafuta ndi mphamvu yolamula. Anzeru amakhala atayamba kale kuphunzitsa mnyamata wa m'gulu lomwelo, amene wakhala pafupi ndi siginala zaka zingapo. Mu kampani ndi chimodzimodzi. Woyambitsa amene amasunga yekha ma password onse, kusaina kalikonse, mpaka kuvomereza ndalama ya kabaza, kampani yake siingakule kuposa maola amene iye ali maso. Ndipo akafuna woyang'anira chigawo cha Mwanza ndi Neno, ayambe wayang'ana ejenti amene wayenda misewu imeneyo zaka ziwiri asanaitane mlendo wa tayi.

Nanga anthu abwinowo uwasunga bwanji? Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo wolemba pulogalamu waluso atha kukhala ku Area 25 n'kumagwirira ntchito kampani ya ku London, kulandira madola. Kampani yaing'ono ya kuno siingapikisane naye pa malipiro. Koma chilimira chinapeza yankho kalekale: tikachotsa za mafuta, zotsala timagawana, aliyense akudziwa gawo lake tisanachoke padoko. N'chifukwa chake mlovi amakoka ndi mtima wonse 2 koloko usiku. Gawo la phindu kapena la umwini, lolembedwa papepala, lifike mpaka kwa wokonza wa ku Thambani, osati mabwana atatu okha.

Nde mafana, wina akakuitanani kuti mukhale ejenti kapena tekinishani wa kampani yatsopano, musathamangire tisheti. Funsani kuti chinthuchi chikafa akonza ndani, zida zosinthira zili ku Blantyre kapena pafupi, ndipo ulendo wopita kwa kasitomala wodandaula alipira ndani. Akayankha kuti zimenezo tidzaona, dziwani kuti amene adzatukwanidwe pamsika ndi inuyo, chifukwa bwana nkhope yake kumudzi kuno saidziwa.