Kuwerenga mijigo si kuwerenga anthu amene akumwa madzi abwino

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri pa misonkhano ya chitukuko ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Bwana amaimirira, amawerenga mijigo imene yakumbidwa m'dera, kenako n'kulengeza kuti vuto la madzi latha. Mawu amenewa ine ndikuwakana, chifukwa chimene chimawerengedwa pamenepo ndi zitsulo, osati madzi amene alowa mumtsuko.

M'chigwa cha Shire muli malo ambiri amene madzi a pansi ndi amchere. Mcherewo umachokera m'miyala yakale ya pansi pa chigwachi, komanso dzuwa la kuno limaumitsa madzi n'kusiya mchere m'nthaka. Mjigo wa mudzi uno ukhoza kutulutsa madzi okoma, wa mudzi woyandikana nawo n'kutulutsa madzi oti sopo sachita thovu, nyemba zimachedwa kupsa, mwana akalawa amalavula. Amayi salimbana nawo mjigo wotere. Amausiya, n'kukafukula mchenga mumtsinje wa Mwanza, kapena kutsikira ku Shire kumene kuli ng'ona. Koma m'kaundula wa ku boma mjigo uja ukadali wamoyo, ndipo mudzi wonse walembedwa kuti uli ndi madzi aukhondo. Mukapempha wina, yankho ndi lakuti munalandira kale.

Ndiye pali madzi osefukira. Mu 2015, mu 2022 ndi namondwe wa Ana, mu 2023 ndi Freddy, mijigo inamira pamodzi ndi zimbudzi. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje linali limodzi mwa maboma amene matendawa anayambira. Mjigo umene unamira ukayambanso kutulutsa madzi, sindiye kuti madziwo ali bwino. Ayenera kuyezedwa, kuthiridwa mankhwala, kuyezedwanso.

Ena anganene kuti kalembera wa mijigo anachitika kale. Zoona, akatswiri a yunivesite ya Strathclyde, ndi thandizo la boma la Scotland, anagwira ntchito ndi boma lathu kulemba mijigo ndi zitsime pa mafoni kudzera pa mWater, ndipo Chikwawa ndi limodzi mwa maboma amene ntchitoyi inachitikira. Inali ntchito yabwino. Koma mlendo amaona mjigo tsiku limodzi. Sadziwa kuti mu Malichi umadzaza ndowa msanga, pamene mu Okutobala mayi amapopa mpaka msana kuwawa madzi akungodontha.

Amene amadziwa ndi a komiti ya pa mjigo, amakaniko a m'dera, alangizi a zaumoyo, ndiponso koposa onse amayi amene amafika pamjigopo kusanache. Anthu amenewa tawasiyira ntchito yotolera ndalama zogulira marabala ndi kusesa pamalo basi. Apatsidwe kope ndi kachipangizo koyezera mchere, kamene n'kakang'ono moti kamalowa m'thumba la malaya. Mwezi ndi mwezi alembe: kupopa kangati kuti ndowa idzaze, madzi akukoma bwanji, aphwa liti, abwerera liti. Kopelo liziwerengedwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), a gulupu ali pomwepo, ndipo ofesi ya madzi ya pa boma izikonza kaundula wake potengera zimenezo. Musandiuze kuti anthu a kumudzi sangathe. Amayi omwewa amasunga mabuku a banki m'khonde mpaka kugawana kumapeto kwa chaka popanda tambala kusowa.

Nkhaniyi ikukhudzanso ufulu. Lamulo la madzi la 2013 limati madzi onse, a pansi omwe, ali m'manja mwa boma m'malo mwa anthu, ndipo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority loti lizipereka zilolezo. Wokumba mijigo ayenera kukhala ndi chilolezo ndi kulemba zimene wapeza pansipo. Nanga n'chifukwa chiyani galimoto yokumba imabwera, makamaka nyengo ya kampeni, n'kuchoka komiti osasiyiridwa pepala lonena kuti akumba mamita angati, madzi awapeza pati, ayezedwa kapena ayi? Mudzi uli ndi ufulu wokana kusayinira mjigo umene madzi ake sanayezedwe.

Ndipo nthawi yoti tiyambe kulemba ndi ino. Mapampu a sola othirira mbewu akuchuluka. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, ikukonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000. Ulimi wothirira waukulu chonchi m'nthaka ya mchere ukhoza kusintha madzi a pansi, kuwakweza kapena kuwawonjezera mchere. Mjigo wa mudzi ukadzasintha, mwini munda adzati unali choncho kuyambira kale, ndipo mudzi wopanda kope sudzakhala ndi umboni.

Choncho kwa makhansala ndi aphungu a Chikwawa ndi Nsanje, pempho langa ndi ili: pa ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera (CDF) zimene mumakumbira mijigo, patulani zogulira makope ndi zoyezera mchere, ndipo mukadzabwera kudzatiwerengera mijigo, mutiuzenso ingati mwa imeneyo anthu akumwadi.