Mlendo wobwera ndi ana ndiye abweranso

Ku Austria, m'cigawo ca Tyrol, kuli midzi itatu yoyandikana pamwamba pa mapiri a Alps: Serfaus, Fiss ndi Ladis. Kale eni ake anali alimi osauka, oweta ng'ombe ndi kulima barele pa minda yotsetsereka. Kuyambira Disembala kufikira Epulo nthaka yonse imakwiririka ndi cipale cofewa, ndipo zolimira zimapacikidwa. Lero nyengo yomweyo ndiyo ya ndalama, cifukwa alendo amabwera kudzasewera ski, ndiko kutsetsereka pa cipale munthu atamanga timatabwa titali-titali kumapazi.

Ife tiona kuti nzeru ya midzi iyi ili pa mlendo amene anamusankha. Malo ena a ski anachuka ndi mowa ndi magule a usiku. Iwo anasankha tate, mai ndi ana ao.

Mahotela ambiri kumeneko ali m'manja mwa mabanja a m'mudzi momwemo. Muli zipinda zokwanira banja lonse, kabedi ka khanda, cakudya ca ana, ndiponso alezi oyang'anira ana pamene makolo ali kuphiri. Ana okulirapo ali ndi malo ao-ao ophunzirira ski, otalikirana ndi akulu othamanga.

Koma hotela payokha siingateteze mwana pamseu. Ndiye cifukwa cake mu 1985 mudzi wa Serfaus unatsegula kasitima koyenda pansi pa nthaka, mtunda wa mamita 1,280, kuti magalimoto a alendo azitsala kunja kwa mudzi. Kukwera n'kwaulere. Siteshoni imodzi ili pafupi ndi chalichi cakale ca Amai Maria, kumene akristu amapita kukapembedza kuyambira makedzana. Mu 1999 midzi itatuyi inalumikiza malo ao a ski n'kukhala amodzi, m'malo molimbirana alendo.

Sitinena kuti zonse n'zokoma. Mitengo ya mahotela aya ndi yokwera, ndipo banja losauka la ku Austria komweko silingaikwanitse. Cipale cikucepa cifukwa ca kutentha kwa dziko, tsono amagwiritsa nchito makina opanga cipale amene amadya madzi ndi magetsi ambiri. Ndiponso Khrisimasi ndiyo nthawi ya nchito yoculuka. Tifunsa: mai amene asamalira ana a alendo tsiku lonse la Khrisimasi, ana ake-ake awaona nthawi yanji?

Ngakhale n'tero, phunziro lilipo kwa ife alimi ndi akristu a m'maparishi. Cipale tilibe, koma alendo tili nao. Amafika ku Mtenguleni pa Nc'wala mu Febuluwale, ku Mkaika pa Kulamba mu Ogasiti, ndi ku Mfuwe kudzaona nyama za ku South Luangwa. Kodi mai wa ana atatu akafika, pogona pabwino apapeza kuti? Nyumba zambiri za alendo m'matauni mwathu zili kumbuyo kwa bala, ndipo nyimbo zimalira mpaka tambala woyamba. Banja likagonamo kamodzi, caka camawa ana amatsala kunyumba, kapena onse osabweranso.

Zimene kholo lifuna si zodula: cimbudzi caukhondo, madzi owiritsa, neti pa bedi lililonse, phala la mwana m'mamawa, citsime covundikira ndi citseko cokhoma bwino. Koparetivi ya alimi kapena khonsolo ya parishi ingathe kuyamba ndi zipinda ziwiri, itatenga cilolezo ca boma. Nkhuku, mazira, ndiwo zamasamba ndi nshawa zicokere m'minda yathu. Koma nthaka tisagulitse. Alimi a ku Tyrol anapindula cifukwa mabedi anali ao. Wogulitsa munda kwa womanga hotela amatsala wocapa mbale pamalo pamene atate ake analima.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mwana amene wagona bwino pamudzi sauiwala, ndipo akakula adzabwera ndi ana ake. Nkhani iyi tiikambe pa msonkhano wa khonsolo ukudzawu, Nc'wala isanafike.