Tigule sola ndi pulojekita, ana aone sayansi ndi maso



Ophunzira akafika Fomu 3, ambiri amathawa Physics ndi Chemistry, ndipo masamu amangolemba poti ndi okakamiza. Nzeru ali nazo anawa, koma mwana amene amangokopera chithunzi cha batire ndi waya pa bolodi, osaona babu ikuyaka, phunzirolo silingamukome. Ndikupempha kuti chaka chino sukulu igule sola, laputopu imodzi ndi pulojekita. Mapulogalamu monga PhET ndi GeoGebra ndi aulere, ndipo mukawaika m'kompyuta amagwira ntchito popanda intaneti. Mwana amasintha nambala yekha n'kuona girafu ikupindika pakhoma.

Makolo ena akuti zipangizo zoterezi zimaononga makhalidwe. Nkhawayi ndi yomveka, tonse taona zimene mafoni achita. Choncho mafoni a ana akhalebe oletsedwa pasukulu. Laputopu ikhale m'manja mwa aphunzitsi, zoonetsedwa zizionekera kalasi yonse, ndipo akomiti akhale ndi ufulu wolowa kudzaonerera.

Ena amaganiza kuti masamu ndi achilendo m'Chisilamu. Mawu akuti algebra anachokera ku liwu la Chiarabu lakuti al-jabr, m'buku limene al-Khwarizmi analemba ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, ndipo gawo lalikulu la bukulo ndi la kugawa chuma cha masiye. Magawo a m'Surah An-Nisa ndi mafulakishoni. Zakaat ya ndalama ndi 2.5 peresenti. Nthawi ya swala ya Asr imadziwika ndi kutalika kwa mthunzi. Shehe wosadziwa masamu adzadyetsa anthu chuma cha ana amasiye mosazindikira.

Ntchito zake zili pakhomo pathu pomwe. Ku Chitedze amafufuza mbewu zimene timabzala ku Nsaru ndi ku Kabudula. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chimadalira anamwino ndi oyeza magazi. Mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa madroni. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anapanga makina a magetsi oyendera mphepo mu 2002 ataona zithunzi m'buku la mulaibulale. Ngati chithunzi chosayenda chinachita zimenezo, nanga choyenda?

Atsikana asatsalire. Amayi athu ambiri amafuna kupimidwa ndi dokotala wamkazi, koma dokotalayo sadzapezeka tikamalola ana athu aakazi kusiya Chemistry.

Akomiti, nkhaniyi ilowe pa msonkhano ukubwerawu. Makolo tisonkhe tikagulitsa mtedza ndi soya, ndipo a Fomu 2 tiwatengere ku Chitedze asanasankhe maphunziro. Mutu umodzi susenza denga. Allah atipatse kuthekera.