THANGATA ANATHA NDI LAMULO, NANGA NKHANZA ZA AKAPITAWO?

Anthu a kwa Chimaliro, monganso anzao a m'madera ena a boma la Thyolo, safuna mphunzitsi wowauza kuti lamulo likhoza kusanduka chikoti. Makolo ao anagwira thangata, ndipo thangatayo anali ndi lamulo la boma la atsamunda pambuyo pake. Lamulo la 1928 linalola mwini esiteti kuthamangitsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse pakatha zaka 5 popanda kupereka chifukwa, ndipo mnyamata akakwanitsa zaka 16 ufulu wake wokhala pamalo pamene anabadwira unkathera pomwepo. Mkwiyo wa anthu unaphulika mu August 1953, pamene chipolowe chinabuka m'maesiteti a Thyolo ndi kufalikira kumaboma ena, ndipo anthu 11 anaphedwa. Thangata anathetsedwa mu 1962, ndi lamulonso.

Tsono lero malamulo abwino alipo. Ndime 24 ya Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 ikulamula kuti nkhanza zochitira amai zithetsedwe, ndipo ndime 31 ikupatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi mopanda choopsa. Lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi likuti wovutitsa mnzake pomuumiriza zachiwerewere akhoza kulipitsidwa K1,000,000 ndi kukhala m'ndende zaka 5. Palibe anganene kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo anagona.

Nzomvetsa chisoni tsono kuti pamene amai 36 ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi a Eastern Produce Malawi anadandaula kuti akuluakulu ena a pantchito ankawagwiririra ndi kuwavutitsa, mlandu wao unakasumidwa ku London mu 2019. Kampani ya Camellia, mwini wake wa maesitetiwo, inathetsa nkhaniyo kunja kwa khoti mu February 2021 polipira ndalama zokwana mapaundi 2.3 miliyoni, ngakhale siinavomere kulakwa. Mlandu suola, nzoona. Koma kodi sizochititsa manyazi kuti mai wa dengu kumsana akapeze womumvera kudziko lomwe lija kunachokera thangata, pamene polisi, khoti ndi ofesi ya zantchito zili pa boma la Thyolo pomwepa?

Chifukwa chake sichobisika. Ambiri othyola tiyi amalembedwa ntchito ya nyengo yamvula yokha, pamene masamba achuluka. Kapitawo ndiye amadziwa amene wathyola makilo angati, amene apatsidwe ndime yabwino, ndi amene adzaitanidwenso chaka chamawa. Mai amene ana ake akudya chifukwa cha dzina lake lolembedwa m'buku la kapitawo sangathamangire kukamneneza. Kumudzi nako munda ulipo ndi wochepa, pakuti nthaka yambiri yachonde ili pansi pa tiyi. Ndiye akachotsedwa ntchito alowera kuti? Amangokhala chete, ndipo ena m'maofesi amayesa kuti kukhala chete kwakeko ndi mtendere.

Apa ndi pamene ogwira ntchito m'boma ndi atsogoleri a Chipani ayenera kudzifunsa. Mkulu woona zantchito amene amafika pa esiteti pa galimoto ya kampani, namwa tiyi mu ofesi ya manijala, nabwerera osalankhula ndi wothyola ndi mmodzi yemwe, sanayendere esitetiyo. Wapolisi amene amauza mai wodandaula kuti akakambirane ndi abwana ake wamubwezera m'kamwa mwa fisi. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, limene lamulo la 2013 linapatsa udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa, liyenera kumaoneka m'mizere ya tiyi, osati m'misonkhano ya m'mahotela mokha.

Apampando a nthambi kwa Chimaliro amadziwa khomo lililonse m'midzi yao. Pamsonkhano wotsatira awerenge ndime 24 ndi 31 m'Chichewa ndi m'Chilomwe pamaso pa amai, ndipo mai akabwera ndi dandaulo amperekeze okha kupolisi, osachokako mpaka litalembedwa m'buku.