Chikwama chakuda si usatana

Kuno ku Avondale, mtsikana akakwera minibasi ya m'tauni atanyamula chikwama chakuda cha maunyolo, chokhala ndi kachigaza kapena mleme pa zipi, amayi ena amasendera kuwindo, kondakitala n'kuseka kuti "wa satana wakwera". Ife tatopa nazo.

Zikwamazi timazisaka tokha m'salaula ku Soweto ndi ku City Market, bele likangotsegulidwa. Zong'ambika timapita nazo kwa osoka nsapato, akonze chingwe, akhomerepo tizitsulo. Ena mwa ife timazikoloweka pakhoma monga momwe agogo amasungira mbale zawo m'kabati. Mkati mwake muli foni, NRC ndi ndalama ya basi, basi.

Goth inayambira ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndi magulu oimba ngati Bauhaus ndi Siouxsie and the Banshees. Ndi nyimbo ndi kavalidwe chabe. Komanso akuluakulu asatinamize: nthawi yomweyo iwo ankavina Zamrock ya gulu lotchedwa WITCH, atavala mabelubotomu. Ndani anawatulutsa ziwanda?

Chotiwawa kwenikweni n'chakuti dzinali limapha. Mu 2020, mphekesera za gassing zitafala, makamu a anthu anamenya ndi kupha anzawo pongowaganizira, ku Lusaka konkuno. Mumzinda wotere, kuloza mwana wa mnzanu kuti ndi wa satana si nthabwala ya m'basi.

Amayi, ngati chikwamacho chakuopsani, tiuzeni titsegule muone mkati. Koma osatiitanira gulu.